Diso la Namwino ndi Kapepala ka ku Brøset

Anthu akamva kuti wina amagwira ntchito mu wodi ya odwala matenda a maganizo, funso lawo loyamba limakhala limodzimodzi: kodi sakumenyani? Ofunsawo amakhala atagamula kale kuti wodwala wotere amangolusa mwadzidzidzi, popanda chomuputa ndiponso popanda chizindikiro, ati chakudza sichiimba ng'oma. Anamwino amene akhalitsa m'mawodi amenewa amapukusa mutu. Iwo amadziwa kuti munthu asanatukule dzanja amakhala ataonetsa kale zambiri, mwina kuyambira m'mawa, kungoti ambirife sitidziwa poyang'ana. Luso limeneli ndimalipatsa ulemu waukulu, ndipo ulemu womwewo ndimaupereka kwa kapepala kena ka mizere 6 kamene kanakonzedwa ku Norway kuti lusoli lisamathere m'mutu mwa namwino mmodzi yekha.

Odwala maganizo ambiri samenya munthu. Kawirikawiri iwowo ndi amene amamenyedwa, kugendedwa ndi ana, kapena kuthamangitsidwa pamsika. Ngakhale m'chipatala momwe, mmene mumafika anthu amene matenda awakulira, achiwawa amakhala ochepa. Mu 2015 ofufuza ena anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 35 wochitika m'mayiko olemera, wokhudza odwala pafupifupi 24,000 ogonekedwa m'mawodi a matenda a maganizo, ndipo anapeza kuti 17 pa 100 alionse ndi amene anachitapo chiwawa. Ndiye kuti 83 aja sanapweteke munthu, ndipo 17 ajanso sankalusa tsiku lililonse. Apa ndiye pagona ntchito ya namwino: kuzindikira kuti lero ndani amene mtima ukumuwira, popanda kutsekera kapena kubaya jakisoni ena onse amene alibe mlandu.

Ku Lilongwe kuno wodwala amabwera kuchipatala zinthu zitafika kale pa mwana wakana phala. Abale amakhala atayesa mapemphero a usiku wonse, ena atapita kwa sing'anga, ndipo chipatala chimakumbukiridwa tsiku limene waswa mawindo kapena watha sabata osagona. Ku Mchesi, ku Kawale kapena ku Chinsapo, anthu a nyumba zoyandikana ndi amene amathandiza kumugwira, dera lonse likuonerera. Ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 nkhondo yomweyo imachitikira kuseri kwa mpanda wa njerwa, ogwira ali mlonda ndi mnyamata wosamalira maluwa, ndipo oyandikana nawo samva kanthu. Koma pofika kuchipatala onse amaoneka chimodzimodzi: thukuta, malaya ong'ambika, manja omangidwa ndi chingwe kapena chitenje, nthawi zina wapolisi ali pambali. Kwa zaka zambiri ulendo wotere unkathera ku Old Town, pa chipatala cha Bwaila chimene akuluakulu amachitchabe Bottom, m'kawodi kamene anamwino ndiwo ankasenza pafupifupi ntchito yonse. Pano kulinso chipatala cha St John of God ku Area 43, cha gulu la Akatolika limene linayamba ntchito yake ku Mzuzu mu 1993. Amene matenda akana kutsika amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ulendo wa makilomita pafupifupi 300.

Mbiri ya ntchitoyi m'dziko muno inayambira m'ndende. Malo oyamba osungirako odwala maganizo anatsegulidwa ku Zomba mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya kumeneko, ndipo owasamalira anali oyang'anira ndende. Lamulo la Mental Treatment Act linalembedwa mu 1948, nthawi ya atsamunda, ndipo chipatala chenicheni chinabwera mu 1953. Nzeru imene tinatengera kumeneko ndi yachidule: ukakayika, khoma chitseko. Namwino wodziwa ntchito amayenda njira ina, ndipo zimaonekera pa chinthu choyamba chimene amachita wodwala akangofika, chomwe ndi kugamula za chingwe chija. Achimasule pompo kapena adikire? Amayang'ana kaye ngati munthuyo akuphupha chifukwa chingwe chikumudula m'manja, kapena chifukwa akufuna kulumphira amalume amene anamumanga. Zikakhala za amalume, amawapempha mwaulemu kuti adikire panja, ndipo mkwiyo wambiri umatuluka nawo limodzi. Kenako amanjuta cham'mbali, osati kutsogolo kwenikweni, n'kutchula dzina lake ndi ntchito yake, n'kufunsa wodwalayo ngati wadya. Munthu amene wamangidwa kuyambira dzulo, amene aliyense wakhala akungomukamba osamulankhula, akafunsidwa za chakudya amatembenuka n'kuyang'ana wofunsayo.

Kapepala ndikunenaka kanachokera ku Brøset, chipatala cha mumzinda wa Trondheim chimene chinkalandira odwala amene zipatala zina zinali zitawalephera. Mu 1995 ofufuza awiri, Linaker ndi Busch-Iversen, anafalitsa zimene anapeza atawerenga malipoti a tsiku ndi tsiku amene anamwino a pamenepo analemba pa zaka 5. Sanafunse kuti odwala achiwawa ndi anthu otani. Funso lawo linali lakuti, pa maola 24 chiwawa chisanachitike, anamwino analemba kuti aona chiyani? M'malipotimo munali makhalidwe 56 osiyanasiyana, koma 6 okha ndiwo ankatsogolera chiwawa mobwerezabwereza. Anamwino awiri, Roger Almvik ndi Phil Woods, anatenga makhalidwe 6 amenewo n'kuwasanja pa tsamba limodzi limene lero limatchedwa Brøset Violence Checklist, mwachidule BVC. Chimene chimandisangalatsa pa chiyambi chimenechi n'chakuti nzeruyo inali kale m'mabuku a lipoti, m'zolemba za anthu otopa a naiti, ndipo ofufuzawo anangoisefa n'kuibwezera kwa eniake.

Khalidwe loyamba ndi kusokonezeka: munthu sakudziwa kumene ali, sakudziwa ngati kwacha kapena kwada, mwina akuona namwino ngati mlamu wake. Lachiwiri ndi kupsa mtima msanga, pamene wodwala sakufuna wina aliyense pafupi ndipo kanthu kakang'ono kakumunyansa. Lachitatu ndi phokoso, monga kukuwa ndi kumenyetsa zitseko. Otsalawo ndi oonekeratu: kuopseza ndi pakamwa, kuopseza ndi thupi, monga kukunga chibakera kapena kugwira wina pakolala, ndiponso kulimbana ndi zinthu, kaya kuponya mbale, kukankha mpando ndi mwendo, kapena kumenya khoma. Namwino amalemba 1 pa khalidwe limene waliona ndi 0 pa limene sanalione, kenako amawonkhetsa. Zikakhala 0, chiopsezo n'chochepa. Zikakhala 1 kapena 2, ayambe kuchitapo kanthu. Zikafika 3 kapena kuposa, chiopsezo n'chachikulu ndipo pakufunika dongosolo lenileni la mmene amuthandizire munthuyo maola akubwerawo. Zonsezi sizitenga mphindi 5, ndipo zimabwerezedwa pa shifiti iliyonse.

Wina angaone ngati kapepalaka n'kachibwana. Ine ndimaona kuti ukatswiri wake uli pa zimene okonzawo analolera kusiya. Anasiya za mtsogolo mwakutali. Kapepalaka sikanena kuti munthu uyu ndi woopsa moyo wake wonse, kamangonena za maola 24 akubwerawa. Mu 1981 John Monahan wa ku America anaunika kafukufuku amene analipo nthawiyo n'kupeza kuti madokotala akalosera kuti wodwala wakutiwakuti adzachita chiwawa m'zaka za mtsogolo, ankalondola kamodzi kokha pa katatu. Tangoganizani anthu amene anakalambira m'zipinda zokhoma chifukwa cha kulosera kotero. Mlimi wa ku Mitundu sangakuuzeni mu Juni kuti mvula ya chaka chino idzagwa bwanji, koma akaona mmene mitambo yaunjikanira masana a mu Januwale amakuuzani kuti anulani zovala, ndipo salakwa kawirikawiri. BVC inasankha kukhala ngati mlimi wa mu Januwale uja. Zida zoyang'ana patali zilipo, monga HCR-20 ya mfundo 20 imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa odwala amene ali ndi milandu kukhoti, koma imeneyo imafuna mafayilo, maola angapo ndi munthu wophunzitsidwa mwapadera. Namwino wa naiti amene wodi yamudzalira alibe zimenezo.

Anasiyanso mbiri ya munthu. Pa tsambalo palibe pofunsa dzina la matenda, palibe pofunsa ngati ndi mwamuna, ngati anamangidwapo, ngati amasuta chamba, kapena kumene amachokera. Zina mwa zimenezi zimakhudzadi chiwawa, ndipo namwino amazifunsa polemba mbiri ya wodwala, koma sizisintha pakati pa Lolemba ndi Lachiwiri. Munthu amene anamenyapo wina mu 2019 adzakhalabe munthu amene anamenyapo wina mpaka kalekale, ndipo ukamamuyeza ndi muyeso umenewo sadzatulukamo. Makhalidwe 6 aja amakwera ndi kutsika. Amene dzulo anali pa 4 lero akhoza kukhala pa 0, ndipo tsambalo limakakamiza ogwira ntchito kuvomereza kuti munthuyo wasintha. Chilungamo chotere wodwala maganizo sachipeza kawirikawiri kunja kuno, kumene anthu akangomutcha wamisala kamodzi saleka.

Lamulo limene ndimalikonda koposa ndi laling'ono, lolembedwa m'malangizo a kagwiritsidwe ntchito. Ngati wodwala ndi wodziwika bwino, ndipo khalidwe lina ndi lake la masiku onse, namwino alembe 0. Alembe 1 pokhapokha khalidwelo likaposa mwa nthawi zonse. Mnyamata amene watha zaka akuitanira minibasi pa depoti ya ku Old Town amalankhula mokuwa ngakhale popempha madzi akumwa, ndipo kumulembera 1 wa phokoso tsiku ndi tsiku kungakhale kumunamizira. Koma kalaliki wa ku Capital Hill amene anzake amamudziwa kuti salankhulalankhula, akangomenyetsa chitseko kamodzi, imeneyo ndi nkhani. Choncho kuti kapepalaka kagwire ntchito, uyenera kumudziwa munthuyo. Wodwala wachilendo amalembedwa monga waonekera, n'chifukwa chake namwino wanzeru amathamangira kwa gadiyani asanabwerere kwawo. Safunsa za matenda zokha ayi. Amafunsanso kuti, "Mayi, mwana wanuyu akakhala bwinobwino amakhala munthu wotani? Ndi wolongolola kapena wofatsa? Akakwiya amayamba bwanji? Amene amamumvera ndani?" Mayankho a mphindi 10 amenewo ndiwo adzamuthandize mawa kudziwa ngati zimene akuona zili zachilendo kapena ayi.

Ndinaonerapo luso limeneli ndi maso mu wodi ina ya amuna mumzinda muno, nditapita kukazonda wodwala. Nthawi yoona odwala inali kutha. Bambo ena a zaka zapakati, amene ndingowatcha ndi mfunda kuti a Mbewe, anali chiimire pafupi ndi khomo kuyambira pamene tinalowa, maso ali kunjira. Anzawo ankalandira mabasiketi a nsima ndi nthochi, iwo ayi. Alendo atayamba kutuluka, bambowo anayamba kuyenda, kuchoka pakhomo kukafika pawindo n'kubwereranso, nkhope ili ndwii. Wodwala mnzawo atakhala m'mphepete mwa bedi lawo, anamukalipira mawu amodzi okha, koma okweza moti wodi yonse inati zii. Kenako anamenyetsa chitseko cha kubafa. Ife alendo tinkangoona munthu wosakondwa. Namwino wachikulire amene anali pa desiki anali ataika kale cholembera pansi.

Zimene anachita anazichita mosathamanga, moti ukanapanda kumuyang'anitsitsa sukanadziwa kuti pali chikuchitika. Anakodola womuthandizira n'kumunong'oneza, ndipo uja anakatenga wodwala anakhala pabedi uja n'kutuluka naye ngati akukamuonetsa kanthu. Mopu ndi chidebe chachitsulo zimene zinali pakona zinachotsedwapo. Wailesi inatsitsidwa. Pamene a Mbewe ankafika pa desiki n'kunena kuti, "Ndipatseni foni yanga, apo ayi muona," malo anali atakonzedwa kale. Tikanati tiwerenge monga a ku Brøset, pamenepo panali 3: kupsa mtima, phokoso, ndi kuopseza ndi pakamwa.

Namwinoyo anaimirira, koma sanaime maso ndi maso ndi bambowo. Anaima cham'mbali, patali pang'ono poti dzanja silingafike, manja ake ali poyera, ndipo njira ya kukhomo anaisiya yotseguka kwa onse awiri.

"A Mbewe, ndakuonani muli chiimire kuyambira masana. Mayi a kunyumba sanabwere eti?"

"Anesi, musandipusitse. Anati abwera lero. Mwawabweza pageti inuyo."

"Sindinawabweze, bambo, ndipo chawagwira sindikuchidziwa. Foni yanu sindingakupatseni panopa, ili kokhoma ndipo kiyi ali ndi asisita mpaka mawa. Koma nambala yawo ili m'fayilo. Tiyeni tiwaimbire pa foni ya muofesi, mumve nokha."

Anaimbadi. Mayiwo anali atasowa ya minibasi, ndipo analonjeza kubwera Loweruka. A Mbewe analankhula nawo mokalipa poyamba, kenako motsitsa, kenako anakhala pampando umene namwino anali atausendeza osanena kanthu. Nthawi ya mankhwala itakwana sanawauze kuti imwani. Anawafunsa kuti, "Mumwera pompano kapena ndikubweretsereni kubedi?" Anasankha kubedi.

Palibe chimene namwinoyu anachita mwangozi. Sananame. Kukanakhala kosavuta kunena kuti akubwera, ali m'njira, koma bodza lotero likanawakhazika pansi ola limodzi, ndipo mawa lake sakanamukhulupiriranso. Anakana chimene sakanatha kupereka, koma anakana ndi chifukwa, ndipo pompo anaika china m'malo mwake. Za pageti anayankha kamodzi n'kuzisiya, sanalimbane nazo. Funso la mankhwala lija linabwezera bambowo kaufulu kakang'ono m'malo amene munthu amalandidwa pafupifupi chilichonse: foni, lamba, nthawi yodzukira, ngakhale kutuluka panja. Kafukufuku amavomereza zimene namwinoyu ankachita. Mu 2012 ofufuza a ku England anasonkhanitsa malipoti a m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti pa zochitika zachiwawa 100 zilizonse, 39 zinayambira pa zochitika pakati pa wodwala ndi ogwira ntchito, makamaka pomukaniza chinthu kapena pomuletsa. James Ogloff ndi Michael Daffern, amene anakonza chida chawo cha mfundo 7 chotchedwa DASA pa chipatala cha Thomas Embling ku Melbourne n'kuchifalitsa mu 2006, anaikamo mzere wofunsa ngati wodwala akupsa mtima msanga akakanizidwa chimene wapempha. Zimenezi n'zolemera kuzimva kwa ogwira ntchito, chifukwa zikutanthauza kuti chiwawa cha mu wodi nthawi zambiri chimabadwira pakati pa anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo ndi wovala yunifomu.

Nambala ikakwera, namwino wabwino safulumira kufunsa kuti timugwire bwanji. Amafunsa kuti chaikweza n'chiyani. Kuno kwathu funso limeneli limapulumutsa moyo, makamaka pa mzere woyamba uja wa kusokonezeka. Munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi lili moto, akhoza kukhala ndi malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi, amene amavuta kwambiri anthu amene ali ndi HIV. Wina shuga watsika. Wina wangotsitsimuka kumene atagwa khunyu ndipo akukankha aliyense womugwira, koma pakapita kanthawi akhala bwino ngati asiyidwa pamalo osamupweteka. Wina ndi womwa kachasu tsiku ndi tsiku amene watha masiku awiri kapena atatu m'chipatala osalawa, ndipo tsopano akunjenjemera, thukuta kamukamu, akuona tizilombo pakhoma. Ameneyu akhoza kufa atangotsekeredwa m'kachipinda osapatsidwa diazepam ndi chisamaliro choyenera. Namwino amene waona 1 pa kusokonezeka amayeza kutentha kwa thupi, amayezetsa malungo ndi shuga, n'kuitana kiliniko ofesa, chifukwa ena mwa anthuwa malo awo ndi ku Kamuzu Central Hospital, osati mu wodi ya maganizo.

Palinso msampha wina umene umakola ongoyamba kumene ntchito. Mankhwala akale amene zipatala zathu zimadalira kwambiri, monga haloperidol, chlorpromazine ndi jakisoni wa fluphenazine, nthawi zina amachititsa munthu kulephera kukhazikika. Miyendo imangofuna kuyenda. Amakhala pansi, n'kudzuka, n'kupondaponda pamalo amodzi, ndipo mkati amamva kusautsika kosaneneka. Wosadziwa amaona ngati matenda akukula n'kuwonjezera mankhwala omwewo, zinthu n'kuipiraipira. Wodziwa amayang'ana mapazi. Woyenda ndi mkwiyo amakhala ndi kumene maso ake aloza, kaya khomo kaya munthu, pamene woyenda chifukwa cha mankhwala amasinthanitsa miyendo ngakhale ataima pamzere wa phala, ndipo ukamufunsa amakuuza kuti, "Anesi, miyendoyi sikundilola kukhala pansi." Ameneyo akufunika adokotala amuchepetsere kapena kumusinthira mankhwala. Palibe mzere wa BVC umene ungasiyanitse anthu awiriwa. Amene amawasiyanitsa ndi namwino amene waona odwala ambiri akuyenda m'khonde.

Nanga kapepalaka kamalondola bwanji? Almvik ndi anzake atakayesa ku Norway, lipoti lawo la mu 2000 linati kanatsina khutu pa zochitika zachiwawa 63 mwa 100 zilizonse, ndipo pa nthawi 100 zimene kunalibe chiwawa kanalondola 92. Ndiye kuti zina zimadutsa osaoneka. Alipo odwala amene amamenya ali phee, monga ena amene amamva mawu owalamula, ndipo namwino amene angataye tcheru chifukwa waona 0 ndiye kuti sanaimvetse ntchito yake. Koma umboni umene umandigwira mtima ndi wa ku Switzerland. Mu 2008 Christoph Abderhalden ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mawodi 14. M'mawodi ena anamwino ankayeza wodwala aliyense watsopano ndi BVC yowonjezeredwa pang'ono, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu oyambirira, n'kumakambirana chochita nambala ikakwera, pamene ena ankagwira ntchito mwa masiku onse. Kuyezako kunatsitsa chiwawa choopsa ndi 41 pa 100, ndipo kugwira odwala mokakamiza, monga kuwatsekera, kuwamanga ndi kuwabaya jakisoni asakufuna, kunatsika ndi 27 pa 100. Ziwirizi zinatsikira limodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti anamwino angatetezeke pokhapokha odwala atalandidwa ufulu, koma apa onse anapindula. Mu 2015 bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linalimbikitsa mawodi kugwiritsa ntchito BVC kapena DASA m'malo modalira kuganiza kwa munthu kokha.

Kulosera kwa mtundu umenewu kuli ndi chachilendo chake. Wolosera wina aliyense amakondwa zimene ananena zikachitika. Namwino akalemba 3 madzulo, kukacha wodwala uja atagona bwino osakhudza munthu, pa pepala zimaoneka ngati analakwitsa, chonsecho ndiye kuti wagwira ntchito. N'chifukwa chake luso limeneli silitamandidwa mokwanira. Lipoti la ndewu limafika kwa akuluakulu tsiku lomwelo, koma la ndewu imene yapewedwa palibe amalilemba.

Namwino wachikulire uja analibe kapepala m'manja, ndipo wina angafunse kuti nanga kapepala n'kachiyani ngati diso lilipo. Yankho lili pa nthawi yosinthana shifiti. Iye akaweruka, zimene waona amapita nazo kwawo. Wolowa usiku akhoza kukhala mtsikana amene wangomaliza kumene maphunziro ku KUHeS kapena ku Malawi College of Health Sciences, kapena wobwerekedwa ku wodi ina, ndipo lipoti loti a Mbewe anavutako pang'ono silimuuza kanthu. Koma akamva kuti masana anali pa 1, madzulo pa 3, atalankhula ndi akazi awo atsika kufika pa 1, ndipo chowaputa ndi nthawi ya alendo, amadziwa poyang'ana, amadziwanso kuti Loweruka masana pafunika maso. Nambala imapatsanso mphamvu wamng'ono. Wothandizira anamwino kapena wophunzira amene akuopa kuuza adokotala kuti bambo awa akundikayikitsa, akhoza kunena kuti ali pa 3, n'kutchula zitatuzo, ndipo amamvedwa. M'dziko limene madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, chida chofuna pepala ndi cholembera basi, chosadalira magetsi kapena intaneti, chikutiyenera ife kuposa amene anachipanga, ndipo ndikanakonda chitakhala m'fayilo ya wodwala aliyense wogonekedwa.

Choopsa chake ndi chimodzi, ndipo n'chachikulu. M'manja mwa munthu wamantha kapena wotopa, 3 akhoza kusanduka chilolezo chomangira wodwala, ndipo zikatero tabwerera ku nzeru ya ndende. Okonza ake sanafune zimenezo. Nambala imangoti yamba kuchitapo kanthu, ndipo zochita zoyambirira ndi zofewa: kulankhula naye, kumuchotsa paphokoso, kuyenda naye panja, kumupatsa chakudya, kumupempha kuti amwe mankhwala ndi manja ake. Kutsekera ndi jakisoni wokakamiza zimabwera pamapeto, zina zonse zikakanika, ndipo ziyenera kukhala za nthawi yochepa, wina akuyang'anira kapumidwe ka wodwalayo. Koma zofewazo zimafuna anthu. Kuti namwino uja aime ndi a Mbewe mpaka mtima utsike, panafunika wina woyang'ana odwala ena onse. Akuluakulu a unduna wa zaumoyo ku Capital Hill akamawerenga anamwino ofunika pa wodi, aziwerenga ndi za usiku zomwe, chifukwa namwino amene ali yekha, waona 3 pa odwala awiri nthawi imodzi, sangachitire mwina koma kutenga kiyi.

Tsiku lotuluka likafika, abale amafunsa funso limene namwino aliyense walimvapo: "Anesi, sadzachitanso?" Apa namwino woona mtima salonjeza. Mzere wa ma 0 wa masabata awiri umanena za mu wodi, mmene mankhwala amabwera pa nthawi yake, mopanda kachasu ndi chamba, mopanda ngongole ndi mikangano ya pakhomo. Chimene amachita ndi kuwaphunzitsa poyang'ana. Amakhala nawo pansi, wodwalayo ali pomwepo osati kunja, n'kufunsa mwiniwakeyo kuti ulendo wathawu zinayamba bwanji. Ambiri amadziwa: tulo tinayamba kusowa, wailesi inayamba kundinyansa, ndinasiya mankhwala chifukwa ankandilemetsa thupi. Amagwirizana kuti akatha masiku awiri osagona, kapena akayamba kumenyetsa zitseko, asadikire tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala, abwere. Amawauza kuti pomulankhula azilankhula mmodzi, osati banja lonse nthawi imodzi, ndipo asamamuzungulire. Amafunsa wodwalayo kuti zikadzavuta akufuna adzamuperekeze ndani, n'kulemba dzina ndi nambala ya munthuyo m'bukumo, pamodzi ndi tsiku la jakisoni wotsatira.